"Munaleka liti kumwa mapilisi aja?" Mbili ya kudwala kumene madokotala anacedwa kukuvomeleza

Msuweni wanga anapita ku malilo kumudzi, ca ku Chadiza, ali ndi mapilisi a masiku anai cabe m'cikwama. Anali kuganiza kuti akagonako kawili n'kubwelela. Koma mudziwa mmene malilo a kumudzi amakhalila: kuika, kusesa, nkhani za katundu wa womwalila, ndiye mvula inagwa motoka n'kuleka kufika. Anakhalako mawiki awili. Patapita masiku atatu mapilisi atatha, anayamba kumva mselu, mutu kuwawa, thukuta usiku wonse, thupi kuphwanya monga amumenya. Tulo tikabwela, maloto anali oopsa cakuti anayamba kuopa kutseka maso. Anamupima maleliya kawili, sanapezeke. Akuluakulu anayamba kunong'onezana kuti womwalilayo pali cimene afuna. Iye mwini anali ndi mantha ena aakulu, akuti matenda amene anamutsekela m'nyumba miyezi yambili mwamuna wake atamwalila abwelanso, ndipo ulendo uno akathela ku Chainama.

Atabwelela ku Chipata tinamupeleka kwa a clinical officer amene anali kumuona. Iwo anamvetsela zonse, ndiyeno anafunsa funso limodzi: "Amai, mapilisi aja a usiku munaleka liti kumwa?" Anali amitriptyline, atatu a 25 mg usiku ulionse, kwa caka ndi hafu. Anamuyambitsanso, ndipo pasanathe masiku awili mselu, thukuta ndi maloto zinatha. Ine zinandidabwitsa, cakuti ndinayamba kuwelenga za nkhaniyi pokonzekela pulogilamu ya zaumoyo pa wailesi pamene ndimathandizako. Cimene ndinapeza n'cakuti zimene msuweni wanga anadwala zinalembedwa kale m'magazini a madokotala mu 1959, dziko lino likali Northern Rhodesia ndipo tauni yathu ikali kuchedwa Fort Jameson. Koma panapita zaka 60 kuti mabungwe akuluakulu a madokotala avomele poyela kuti vutoli lingakule ndi kutenga nthawi yaitali.

Mankhwala a matenda ovutika maganizo, amene pa Cingelezi amati depression, anapezeka mwangozi. Mu 1952, pa cipatala ca Sea View ku New York, odwala TB amene anali kuyesedwa ndi mankhwala acilendo ochedwa iproniazid anayamba kudya bwino ndi kusangalala kupambana mmene mapapo ao anali kupolela. Ku Switzerland nako, dokotala Roland Kuhn wa pa cipatala ca Münsterlingen anali kuyesa mankhwala a kampani ya Geigy amene anali kuyembekezela kuti adzathandiza amisala. Kwa amenewo sanathandize kwenikweni, koma anaona kuti odwala amene anali cete, osadya, osafuna kuuka pa bedi, anayamba kutsitsimuka pakapita mawiki ocepa. Analengeza zimenezi mu 1957, ndipo mankhwalawo ndiye imipramine. Amitriptyline, amene msuweni wanga anali kumwa, ndi mng'ono wake wa imipramine, anatuluka mu 1961. Tisamukweze kwambili Kuhn: mu 2019 akatswili a mbili ya ku Switzerland anatulutsa lipoti loonetsa kuti kwa zaka zambili anali kuyesa mankhwala pa odwala osawauza, osawapempha. Kusafunsa wodwala kunalipo kuyambila paciyambi peni-peni.

Nanga kuno kwathu m'zaka zimenezo? Munthu wa ku Fort Jameson akadwala maganizo, boma la atsamunda linali kumuona pokhapo ngati wayamba kuvutitsa anthu, kuocha nyumba kapena kuyenda wamalisece pa mseu. Otelo anali kusungidwa m'ndende kapena m'tuzipinda twa pa cipatala, ena n'kutumizidwa kutali ku Ingutsheni, cipatala ca amisala ca ku Bulawayo cimene cinatsegulidwa mu 1908. Lamulo loyendetsa zimenezi, Mental Disorders Act ya 1949, linali kuchula odwala ndi mau onyoza amene tanthauzo lake ndi citsilu ndi cidzete. Cipatala ca Chainama ku Lusaka cinatsegulidwa mu 1962. Koma mai amene wakhala pakhonde mwakacetecete, wosagona usiku, woonda cifukwa ca kuganiza kwambili, sanali m'buku la boma lililonse.

Sanalimo cifukwa akatswili a nthawiyo anali kuphunzitsa kuti munthu wakuda sadwala matenda amenewa. Wochuka pa onse anali J. C. Carothers, amene anayang'anila cipatala ca Mathari ku Nairobi. Mu 1953 bungwe la WHO linasindikiza buku lake, The African Mind in Health and Disease, mmene anakamba kuti matendawa ndi osowa pakati pa anthu a mu Africa, ati cifukwa sitidziimba mlandu ndipo sitiganizila za mawa. Anali kuwelenga anthu amene apolisi anabweletsa ku cipatala, ndiye n'zoona kuti ofatsa sanawaone. Amene anapita kukafunafuna kumene anthu amapita akavutika anapeza zosiyana. Margaret Field, m'buku lake la mu 1960, anafotokoza azimai ambili a ku Ghana amene anali kufika ku akacisi a mizimu akudziimba mlandu wa ufiti, ndipo iye anaona kuti anali odwala matenda amenewa. Thomas Adeoye Lambo wa ku Nigeria ndi anzake anapeza zizindikilo zomwezi m'midzi ya Ayoruba. Conco mapilisi anafika m'maiko athu pamene ena anali kutsutsabe zakuti matendawo aliko. Ngati matenda enieniwo anali kukanidwa, ndani akanafunsa za kudwala kobwela munthu akaleka mankhwala ake?

Kumene mapilisi anali ambili, funsolo linayankhidwa msanga. Mu 1959 madokotala awili a ku Canada, Mann ndi MacPherson, analemba za odwala amene anadwala ataleka imipramine. Mu 1961, Kramer, Klein ndi Fink a ku New York analemba mu American Journal of Psychiatry kuti opitilila theka la odwala ao amene analeketsedwa imipramine anamva mselu, kusanza, cizungulile, cimfine ndi kuphwanya kwa thupi. Welenganinso mndandanda umenewo, ndiye mukumbukile msuweni wanga ku Chadiza. Madokotala a nthawiyo anaitenga nkhaniyi ngati yaing'ono. Odwala ambili anali m'cipatala, mankhwala anali kumwedwa miyezi yocepa, ndipo mabuku anangoti muzicepetsa pang'ono-pang'ono, basi.

Zinthu zinasintha pamene mankhwala anacoka m'zipatala za amisala n'kulowa m'nyumba za anthu wamba. Kumapeto kwa 1987 dziko la America linavomeleza fluoxetine wa kampani ya Eli Lilly, dzina la malonda Prozac. Pambuyo pake panabwela ena a banja lomwelo la SSRI, monga sertraline ndi paroxetine, amene ku Britain anagulitsidwa kuyambila 1991 pa dzina lakuti Seroxat. Anali ndi ubwino weniweni: sagonetsa kwambili, saumitsa kukamwa monga amitriptyline, ndipo munthu akamwa ambili nthawi imodzi sapha msanga monga akale aja. Anthu mamiliyoni anayamba kumwa, ambili kwa zaka. Ndiye m'ma 1990 malipoti anayamba kuculuka a anthu amene akaleka anali kumva cizungulile, kulila popanda cifukwa, mkwiyo, ndi cina cacilendo cimene cinalibe dzina m'mabuku: kumva monga wagwila waya wa malaiti m'kati mwa mutu, makamaka ukatembenuza maso. Odwala okha ndiwo anacipatsa dzina lakuti brain zaps.

Apa mpamene mbili imeneyi imandinyansa. Mu 1996 kampani ya Eli Lilly inalipila msonkhano wa akatswili ku Phoenix, ku Arizona, ndipo zokambidwa kumeneko zinasindikizidwa mu 1997. Kucokela pamenepo dzina lakuti discontinuation syndrome linafala m'malo mwa liu lakale lakuti withdrawal. Kusiyana kwake n'kotani? Liu lakale ndi limene amagwilitsila nchito pa cidakwa cimene cikunjenjemela cifukwa casowa kacasu, ndipo makampani sanafune kuti mapilisi ao aikidwe pamodzi ndi mowa kapena Valium, amene mbili yake inali itaipa kale m'ma 1980. Dzina latsopano linali lofewa, lomveka ngati kanthu kongodutsa. Ndipo Lilly inali ndi phindu lake-lake pa nkhaniyi, cifukwa fluoxetine amavutitsa pang'ono pomuleka kusiyana ndi mankhwala a makampani anzao.

Cifukwa cake n'cosavuta kumva. Mankhwala alionse ali ndi nthawi imene theka lake limacoka m'magazi. Kwa paroxetine ndi pafupifupi tsiku limodzi. Kwa venlafaxine ndi maola ocepa cabe. Amitriptyline ali ca pa tsiku limodzi. Koma fluoxetine amatenga masiku anai kufika asanu ndi limodzi, ndipo cimene ciwindi cimamusandutsa cimakhalitsa kuposa pamenepo. Munthu akamwa mankhwalawa kwa miyezi, ubongo umadzikonza kuti uzigwila nchito ali momwemo, monga mmene maso amazolowelela m'nyumba ya mdima. Akacoka mwadzidzidzi, ubongo umatsala uli wocheledwa ku cinthu cimene palibe, ndipo kubwelela mwakale kumafuna mawiki kapena miyezi. Fluoxetine amatuluka pang'ono-pang'ono mwa iye yekha, ndiye ubongo umapeza mpata, ngakhale kuti naye amavutitsa ena, kungoti zizindikilo zimacedwa kubwela.

Ndinene cilungamo: makampani sananame pa zonse. Mankhwalawa sali monga tujilijili kapena camba. Munthu sawalakalaka, saba ndalama kuti akagule, ndipo safuna kuonjezela mlingo caka ndi caka kuti amve bwino. Koma kwa munthu wamba, funso lakuti "kodi ndidzazolowela?" limatanthauza kuti "kodi ndidzatha kuleka tsiku limene ndifuna?" Madokotala anali kuyankha funso lao, wodwala atafunsa lake.

Amene anaswa nkhaniyi anali atolankhani ndi omvela ao, ndipo monga munthu wa pa wailesi mbali imeneyi imandikondweletsa. Mu October 2002 pulogilamu ya Panorama ya BBC, mtolankhani wake Shelley Jofre, inaonetsa anthu amene analephela kuleka Seroxat, pamene kapepala ka m'bokosi kanali kuwatsimikizila kuti mankhwalawo sazoloweleka. Pulogilamu itatha, mafoni zikwi-zikwi ndi maimelo oposa 1,000 anafika ku BBC, cakuti mu 2003 anapanga pulogilamu ina yocokela m'makalata amenewo. Caka comweco kampani ya GlaxoSmithKline inasintha kapepalako, inacotsa mau aja, ndi kuvomela kuti pafupifupi munthu mmodzi pa anai alionse angamve zizindikilo poleka. Aliyense amene anakhalapo mu situdiyo adziwa kuti foni imodzi ingakhale ya munthu woledzela, koma mafoni makumi okamba cinthu cimodzi-modzi ndi nkhani. Ngakhale n'telo, malangizo a boma la Britain anapitiliza kukamba kuti zizindikilo kawili-kawili zimakhala zazing'ono ndipo zimatha zokha ca pa wiki imodzi. Munthu amene anali kudwalabe pa mwezi waciwili anali kuuzidwa kuti matenda ake abwelela, n'kupatsidwanso mapilisi, nthawi zina ku mlingo waukulu kuposa poyamba.

M'zaka zomwezo, amitriptyline analowa m'nyumba zambili za ku Zambia kudzela pa khomo lina. Ma ARV atayamba kupelekedwa kwaulele m'zipatala za boma mu 2004 ndi 2005, ambili anali kumwa mapilisi okhala ndi stavudine, amene anapulumutsa miyoyo koma anali kuononga mitsempha ya m'mapazi. Akulu-akulu athu akumbukila dandaulo la mapazi kuocha ndi kucita dzanzi. Mankhwala ochipa amene anali kupatsidwa pa vuto limenelo anali amitriptyline. Zambia inayamba kusinthila ku tenofovir mu 2007, koma amitriptyline anatsala, ndipo mpaka lelo amapatsidwa kwa a matenda a shuga amene mapazi awawa, kwa a mutu wosatha, ndi kwa osowa tulo. Ku Kapata, ku Mchini kapena ku Nabvutika mungapeze ambuya amene amamwa "kapilisi ka tulo" kapena "ka mapazi" osadziwa kuti ndi ka banja la mankhwala a maganizo. Akaleka n'kudwala, palibe amene amagwilizanitsa ziwilizi.

Ndipo kuleka kwathu kuno n'kosiyana ndi kwa ku London. Kumeneko mkangano ndi wa munthu amene wasankha kuleka ndipo afuna thandizo. Kuno nthawi zambili munthu sasankha. Mapilisi amatha uli kumunda kapena ku malilo. Umafika pa windo n'kupatsidwa kapepala kuti ukagule ku kemisti, mthumba mulibe kanthu. Ndalama ya njinga ndi basi yocokela ku Vubwi kapena ku Mambwe siipezeka mwezi ulionse. Ena amaleka cifukwa anapemphelewa ku chalichi ndipo anauzidwa kuti kumwa mapilisi ndi kukayika Mulungu. Acinyamata ambili amaleka cifukwa cibwenzi capeza kabotolo ndipo cafunsa kuti, "Kansi ndiwe wofunta?" Onsewa amaleka tsiku limodzi, njila yoipa kupambana zonse. Masiku atatu akapita, wa kuchalichi amauzidwa kuti ciwanda cikulimbana potuluka, wa kumudzi amapita kwa ang'anga, wa m'tauni amagula Coartem.

Caka ca 2019 cinatembenuza zinthu mbali zonse ziwili. Kwathu, nkhani inayambila ku khoti. A Gordon Mwewa, a Mulima Kasote ndi a Sylvester Katontoka, a bungwe la Mental Health Users Network of Zambia, anasumila boma pa lamulo lija la 1949, ndipo mu October 2017 Khoti Yaikulu ku Lusaka inagamula kuti cigawo cokhala ndi mau onyoza aja n'cosemphana ndi malamulo a dziko. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inapanga Mental Health Act yatsopano, nambala 6 ya caka cimeneco, imene imakamba za ufulu wa wodwala. Onani kuti amene anatsegula citseko anali odwala eni ake.

Ku Britain nako zinali cimodzi-modzi. Mu February 2018, a Wendy Burn, amene anali mtsogoleli wa Royal College of Psychiatrists, analemba ndi mnzao m'nyuzipepala ya The Times kuti kwa odwala oculuka kwambili zizindikilo zimatha m'mawiki awili. Odwala ndi akatswili ena anakwiya n'kupeleka dandaulo. James Davies ndi John Read anasonkhanitsa kafukufuku amene analipo n'kupeza kuti anthu 56 pa 100 alionse amamva zizindikilo poleka, ndipo pafupifupi theka la amenewo amati zinali zazikulu. Mu March 2019, Mark Horowitz ndi David Taylor analemba mu Lancet Psychiatry nkhani imene inasintha kacepetsedwe ka mankhwala. Horowitz ndi dokotala wa za maganizo amene iye mwini anali kumwa mapilisiwa kwa zaka, ndipo poyesa kuleka motsatila zimene anaphunzila kusukulu anadwala kwambili, mpaka anakaphunzila njila kwa odwala anzake pa intaneti. Mu May 2019 Royal College inavomela kuti kwa ena zizindikilo zimakhala zazikulu ndi zokhalitsa, mu October bungwe la NICE linasintha malangizo ake, ndipo mu 2020 a Burn analemba poyela kuti anasintha maganizo atamvetsela odwala. Kucokela 1959, ndi zaka 60 ndendende.

Cimene Horowitz ndi Taylor anaonetsa ndi masamu amene aliyense womwa mankhwalawa ayenela kuwadziwa. Zithunzi za ubongo zionetsa kuti mphamvu ya mankhwala siikwela molingana ndi mamiligilamu. Citalopram wa 20 mg amagwila pafupifupi malo 80 pa 100 amene mankhwalawa amagwilapo nchito mu ubongo. Mukatsitsa kufika ca pa 5 mg, amagwilabe pafupifupi 60 pa 100. Kutanthauza kuti kucoka pa 20 kufika pa 5 ndi citunda cotsika pang'ono, koma kucoka pa 5 kufika pa zilo ndi phompho. N'cifukwa cake anthu ambili amati paciyambi zinali bwino-bwino, vuto linabwela pa kapilisi kothela. Njila yao ndi yakuti ucotseko gawo la mlingo umene ulipo tsopano, osati wa paciyambi, udikile mawiki awili kapena anai thupi likhazikike, ndiye ucotsekonso, masitepe n'kumacepela-cepela pofika kumapeto.

Ziwelengelo zikali pa mkangano, ndipo sindifuna kukubisilani. Ena anatsutsa Davies ndi Read kuti anadalila kwambili mafunso a pa intaneti, kumene ovutika ndiwo amayankha. Mu 2024, Jonathan Henssler ndi anzake ku Germany anaphatikiza kafukufuku wambili n'kupeza kuti 31 pa 100 amamva zizindikilo, koma ngakhale oleka mapilisi abodza opanda mankhwala, 17 pa 100 amamvanso. Anatsala ndi pafupifupi mmodzi pa asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awili, ndipo ovutika kwambili mmodzi pa 35. Awanso anatsutsidwa kuti ambili mwa amene anawelengedwa anamwa mankhwala mawiki ocepa cabe. Ine ndiona kuti olo titenge ciwelengelo cocepaco, pa basi imodzi yopita ku Lusaka yodzala ndi anthu oleka mankhwala, mmodzi kapena awili adzavutika koopsa. Ndipo palibe mbali imene ikali kukamba kuti vutoli kulibe.

Pali ngozi ina ya mbali yaciwili, imene ndiyenela kuikamba cifukwa ndidziwa mmene nkhani zotele zimayendela pa WhatsApp. Wina adzawelenga theka n'kutaya mapilisi m'cimbudzi. Matendawo amabweleladi. Kafukufuku wa ANTLER ku Britain, wofalitsidwa mu 2021, anatenga anthu 478 amene anamwa mankhwala nthawi yaitali ndipo anali kumva bwino. Pa amene analeketsedwa, 56 pa 100 anadwalanso m'caka cimodzi, pamene pa opitiliza kumwa anali 39 pa 100. Malangizo a WHO a mhGAP, amene manesi ndi ma clinical officer m'maiko ngati lathu amaphunzitsidwa, amati munthu apitilize kumwa miyezi yosacepela 6 atacila asanaganize zoleka. Msuweni wanga mapilisi amenewo ndiwo anamuutsa pa mphasa. Sanali adani ake.

Nanga ungasiyanitse bwanji kudwala kwa kuleka ndi kubwelela kwa matenda? Nthawi ndiyo mboni yoyamba. Kudwala kwa kuleka kumabwela m'masiku ocepa utaleka kapena kucepetsa, kupatulako fluoxetine amene angacedwe mawiki. Matenda enieni amabwela mokwawa, pakapita mawiki kapena miyezi. Mboni yaciwili ndi thupi: cizungulile, mselu, kutsegula m'mimba, thukuta, maloto oopsa ndi kugwidwa malaiti m'mutu, zimene sunali kumva pamene unayamba kudwala, zimaloza ku mankhwala. Yacitatu ndi imene tinaona pa msuweni wanga, kuti ukabwelela pa mlingo wakale zimatha m'masiku ocepa, pamene matenda enieni amafuna mawiki kuti amvele mankhwala. Maleliya kapimitseni ndithu, kuno ndi kum'mawa. Koma muuzeni wopimayo za mapilisi amene mwaleka, olo asakufunseni.

Mabuku atsopano a ku Britain, monga Maudsley Deprescribing Guidelines ya 2024, amakamba za mankhwala a madzi amene ungapime ndi jekeseni yopanda nsingano. Kuno zimene timapeza kawili-kawili ndi amitriptyline wa 25 mg ndi makapisozi a fluoxetine a 20 mg. Conco ndondomeko iyenela kupangidwa ndi munthu wodziwa zimene zili pa shelefu. Pa Chipata Central Hospital pali cigawo ca odwala maganizo, ndipo ma clinical officer ndi manesi ophunzila za maganizo, ambili ocokela ku koleji ya Chainama imene tsopano ili mbali ya Levy Mwanawasa Medical University, ndiwo msana wa nchito imeneyi m'dziko lino. Afunseni kuti piliti lanu lingadulidwe kapena ai. Kudumpha masiku, lelo kumwa mawa osamwa, kumakweza ndi kutsitsa mankhwala m'magazi ndipo pa mankhwala otuluka msanga kumaonjezela mavuto. Ndi fluoxetine yekha amene amalola zimenezo. Sitepe ikakulemelani, si kulephela kubwelela pa mlingo wapita n'kutsikanso pang'ono. Musayambe kucepetsa pa nthawi ya mayeso, ya malilo kapena ya kusamuka. Uzankoni munthu mmodzi wa m'nyumba kuti adziwe cifukwa cake mukukalipa kapena kulila. Mowa umaonjezela cizungulile ndi kusowa tulo.

Cimodzi sicidikila tsiku la kiliniki. Ngati pocepetsa mwayamba kusowa mtendele cakuti simungakhale pansi, kapena maganizo ofuna kudzipha abwela, pitani ku cipatala tsiku lomwelo, kapena tumani foni yaulele ya Lifeline pa 933, kapena Childline pa 116 ngati ndinu acicepele. Ndipo amitriptyline ndi woopsa ku mtima akamwedwa wambili nthawi imodzi, conco mapilisi otsala asakhale m'cipinda ca munthu amene ali m'maganizo otele, kapena pamene ana angafike.

Msuweni wanga anapitiliza kumwa miyezi ina isanu atabwela ku Chadiza, ndiye iye ndi a clinical officer aja anagwilizana zoyamba kutsika. Anamulembela masitepe kumbuyo kwa khadi. Kucoka pa mapilisi atatu kufika pa awili sanamve ciliconse, mpaka anayamba kukamba kuti a clinical officer amacedwetsa zinthu. Pa limodzi ndi hafu anagona movutikila masiku anai, zinatha. Pamene anacoka pa hafu kupita pa zilo, maloto aja anabwela usiku waciwili, ndipo ananditumila foni 04:00 isanakwane. Ulendo uno sanachule Chainama. Anangoti, "Ndathamanga, eti?" M'mawa tinapita, anamubweza pa hafu, patapita mawiki atatu anamuika pa kota. Anali kudula ndi kaleza pa sosa, tuzidutswa n'kusunga m'kabotolo ka Vaseline kotsuka bwino, ana osakhudza. Kota imeneyo, imene ungaitaye pansi osaipezanso, anakhala nayo mawiki asanu ndi limodzi, kuposa sitepe ina iliyonse pa khadi.